ZA UMOYO WA M'BANJA: WODWALA AKAMACHEZERA USIKU



Abale ndi alongo, moni umene timapereka kwa wodwala m'mawa ndi funso lakuti, "Mwagona bwanji?" koma kawirikawiri yankho lake sitilisamala. Wodwala akati, "Aa, ine sindinagone, ndangochezera," timangoti pepani, kenaka n'kuyamba kufunsa za phala ndi mankhwala. Kusowa tulo timakuona ngati kanthu kakang'ono kotsagana ndi matenda, kosafunika kukatchula kwa adokotala. M'danga lathu lino tikufuna tiime pa funso lomweli.

Matenda amgonagona masiku ano sali ngati kale. Chiyambire 2004 pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere, anthu ambiri amene tikadawaika kalekale ali moyo, akulima ndi kulera zidzukulu. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi World Health Organization mu 2009 anapeza kuti pa anthu atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, lija timangoti BP, ndipo pafupifupi 6 pa 100 aliwonse anali ndi shuga. Onjezani a mphumu, a nyamakazi, a mtima, a khansa ndi amene anafa ziwalo ndi sitiroko. Onsewa ndi anthu amene adzakhala ndi matenda awo zaka zambiri, ndipo chaka chirichonse chiri ndi mausiku 365.

Abale athu ambiri ochokera ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota anakhazikika ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma chifukwa cha malonda a usipa, zovala ndi utelala, ndipo ena anatenga makolo awo odwala kukawasamalira kumeneko. Dera limeneli liri ndi mbiri yabwino pa nkhani yosamalira odwala kunyumba. Chipatala cha St Gabriel ku Namitete, chimene masisitere ochokera ku Luxembourg anachitsegula mu 1959, chinaphunzitsa anthu ongodzipereka a m'midzi kuti aziyendera odwala m'makomo. Mu 2008 mnyamata wina wa ku America, Josh Nesbit, anathandiza kuti anthu amenewa alandire mafoni a m'manja kuti azitumiza uthenga ku chipatala m'malo mopalasa njinga mtunda wautali. Koma ngakhale zinthu zitayenda bwino chotani, woyendera odwala amabwera masana. Dzuwa likalowa, wodwala amatsala ndi mkazi wake, mwamuna wake kapena mwana wake, ndipo amene alibe nzeru ya chochita amangoyatsa nyali n'kumayang'anana mpaka tambala woyamba.

Kusowa tulo kumawonjezera matenda amene alipo kale. Munthu amene sanagone amamva ululu kwambiri tsiku lotsatira, ndipo ululuwo umamulepheretsanso kugona usiku wotsatira. BP imayenera kutsika munthu akagona, mtima n'kupumulako. Wochezera sapeza mpumulo umenewu. Shuga nayenso amavuta kutsika mwa munthu wosagona mokwanira. Ndiye pali kuiwala mankhwala, kupsa mtima ndi kugwa popita kuchimbudzi. Tisaiwalenso wodwazika. Mayi amene wachezera mausiku asanu motsatizana, m'mawa n'kupita kudimba kapena kumsika, ndi wodwala wachiwiri m'nyumbamo, kungoti palibe amene amamufunsa kuti wagona bwanji.

Tisanafike pa njira zokhazikitsa thupi pansi, tiyambe tachotsa minga, chifukwa munthu wogonera minga sungamuuze kuti apume pang'onopang'ono. Munga woyamba ndi nthawi yomwera mankhwala. Mapiritsi ochotsa madzi m'thupi, monga HCT wa BP ndi Lasix wa otupa miyendo, amakodzetsa kwambiri. Owamwa madzulo amadzuka kanayi kapena kasanu usiku, choncho kawirikawiri amamwedwa m'mawa. Prednisolone nayenso amathamangitsa tulo akamwedwa usiku. Amene anamwapo ma ARV a 5A akukumbukira maloto oopsa ndi chizungulire zimene mankhwala a efavirenz ankabweretsa. Kuyambira 2019 anthu ambiri anasinthidwa kupita ku 13A, amene ali ndi dolutegravir, ndipo mankhwala amenewa amasowetsa tulo anthu ena, makamaka akamwedwa usiku. Amene anazolowera kumwa pogona m'masiku a 5A ndipo akupitiriza chizolowezicho, akafunse ku kiliniki ngati angamamwe m'mawa. Tikunena kuti akafunse. Kusiya kapena kudumphitsa mankhwala chifukwa cha tulo ndi kugula vuto lalikulu ndi laling'ono.

Munga wachiwiri ndi matenda enieniwo pamene sakulamulirika. Wa shuga amene akukodza usiku wonse ndi kumva ludzu, shuga wake wakwera. Koma amene amabaya insulin kapena kumwa glibenclamide, akadzidzimuka ali thukuta kamukamu, akunjenjemera, mtima ukugunda, shuga wake akhoza kukhala kuti watsikitsa. Ameneyo apatsidwe madzi a shuga nthawi yomweyo ngati angathe kumeza, ndipo kukacha akanene ku chipatala. Wa mtima amene amabanika akagona chagada amafuna mitsamiro iwiri kapena itatu, kapena thumba la gaga lokutidwa ndi chitenje kumsana. Mphumu imakonda kuvuta m'bandakucha. Kutsokomola kwa masabata awiri pamodzi ndi thukuta la usiku ndi kuwonda ndi nkhani yokayezetsa makhololo a TB. Ndipo bambo wonenepa amene amaliza mkonono kwambiri, n'kumaleka kupuma kwa kanthawi kenaka n'kudzidzimuka ngati wotsamwa, masana n'kumasinza paliponse, ali ndi vuto limene limakwezanso BP. Amayi amene amagona naye ndiwo mboni, apite naye limodzi kwa adokotala.

Za ululu tinenepo mosabisa. Pali odwala khansa ambiri amene amabuula usiku wonse chifukwa abale akuopa morphine, ati ndi mankhwala opatsa munthu amene watsala pang'ono kufa. Maganizo amenewa ndi olakwika. Morphine wamadzi, akaperekedwa pa mlingo wake ndi pa nthawi yake monga anamwino alangizira, amachotsa ululu munthu n'kugona, ndipo ena amabwerera ku ntchito zawo. Awerengi a ku Salima akudziwa malo a Ndi Moyo, amene namwino Lucy Finch anawatsegula mu 2007 kuti azithandiza anthu otere. A kumadzulo kwa Lilongwe angayambire ku St Gabriel, ku chipatala cha Kabudula kapena ku chipatala chaching'ono chapafupi, ndipo afunse za chisamaliro chochepetsa ululu.

Minga ikachoka, nthawi zambiri tulo timavutabe. Chifukwa chake n'chakuti thupi la munthu amene wadwala nthawi yaitali limakhala ngati mlonda amene wamva mtswatswa kuseri kwa nyumba. Minofu imakungika, mpweya umakhala wapamwamba ndi wofulumira, mtima umathamanga, ndipo maganizo amazungulira pa ngongole, fizi ya ana, feteleza ndi imfa. Mlonda wotere sungamulamule kuti agone. Ukamukakamiza m'pamene maso amakhala gwa. Chimene tingachite ndi kulisonyeza thupi kuti kunja kuli bata, ndipo pali makomo atatu olowera: mpweya, minofu ndi lilime.

Mpweya ndiwo wosavuta. Mulungu anatilenga mwakuti pamene tikukoka mpweya mtima umafulumira pang'ono, ndipo pamene tikuutulutsa umachedwa. Tsono tikatalikitsa kutulutsako, mtima umatsika. Wodwala agone kapena atsamire mmene akupezera bwino, aike dzanja limodzi pamimba. Akoke mpweya ndi mphuno akuwerenga chamumtima mpaka 4, mimba ikwere ndi kukankha dzanjalo, mapewa asakwere. Kenaka autulutse pang'onopang'ono ndi pakamwa, milomo itasongoka ngati akuuzira phala lotentha, akuwerenga mpaka 6. Amenewa ndi mapumidwe pafupifupi 6 pa mphindi imodzi, pamene munthu wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20. Achite chotero kwa mphindi 5 kapena 10. Akamva chizungulire ndiye kuti akukoka mpweya wambiri, achepetse. Wa mphumu kapena wa chifuwa asalimbane ndi manambalawa, iye angoonetsetsa kuti kutulutsa kukutalikirapo kuposa kukoka.

Njira ya minofu inayambitsidwa ndi dokotala wa ku Chicago, Edmund Jacobson, amene analemba buku lake mu 1929. Iye anaona kuti anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti minofu yawo ndi yokungika, chifukwa anazolowera. Mufunseni wodwala kuti amasule thupi, adzakuyankhani kuti ndamasula kale, pamene nsagwada zalumana ndipo mapewa ali m'makutu. Nzeru yake inali yakuti munthu ayambe wakunga dala mnofu, kenaka aulekerere, kuti amve kusiyana kwake. Mmene amaphunzitsira masiku ano ndi motere. Yambani ndi mapazi: pindani zala za kumapazi mwamphamvu pang'ono, werengani mpaka 5, kenaka lekererani kamodzin'kamodzi, ndipo kwa nthawi yowerenga mpaka 20 mungomvetsera mmene phazilo likulemerera ndi kufunda. Pitani ku akatumba, ntchafu, matako, mimba. Fumbatani zibakera, lekererani. Kwezani mapewa kufika m'makutu, agwetseni. Tsinzinani mwamphamvu, chitani tsinya, lumanitsani mano pang'ono, masulani. Thupi lonse limatenga mphindi 15.

Apa pali zofunika kusamala. Musagwire mpweya pamene mukukunga mnofu, chifukwa kutero kumakweza BP, pitirizani kupuma. Malo amene pali bala, chotupa, opaleshoni yatsopano kapena mfundo zotupa ndi nyamakazi, musakungepo. Ingoikanipo maganizo ndi kulekerera. Amene amagwidwa ndi kukokana kwa minofu ya m'miyendo asapinde zala mwamphamvu. Wodwala amene wafooka kwambiri, wodwazika akhale pambali pake ndi kumatchula ziwalozo ndi mawu otsika, chimodzichimodzi, osafulumira. Taona kuti ana a madrassa a zaka 12 amaigwira njirayi msanga kuposa akuluakulu, ndipo agogo amamvera mdzukulu mosavuta kuposa mmene amamvera mpongozi.

Khomo lachitatu ife Asilamu tiri nalo kale, kungoti timalidutsa mothamanga. Mu 1975 dokotala wa mtima wa ku Harvard, Herbert Benson, anafalitsa zimene anapeza, kuti munthu akakhala phee n'kumabwereza liwu limodzi kapena pemphero lalifupi, ndipo maganizo ena akabwera n'kungowasiya adutse osalimbana nawo, mtima ndi mpweya wake zimatsika. Tsono kumbukirani nkhani imene iri m'mabuku a Bukhari ndi Muslim, ya mayi Fatima (RA), mwana wa Mtumiki (SAW). Manja ake anatupa ndi mphero, ndipo anapita kukapempha wantchito. Mtumiki (SAW) anabwera kunyumba kwawo iye ndi Ali (RA) atalowa kale m'zofunda, nawaphunzitsa kuti pogona azinena Subhanallah ka 33, Alhamdulillah ka 33 ndi Allahu Akbar ka 34, ndipo anawauza kuti zimenezi ziwapindulira kuposa wantchito. Onani kuti anaphunzitsa zimenezi kwa munthu wotopa ndi womva kuwawa, pa nthawi yogona.

Ambiri a ife timamaliza mawu 100 amenewa m'mphindi imodzi, mikanda ya tasbihi ikuthamanga ngati tikuwerenga ndalama. Wodwala ayese kunena liwu limodzi pa kutulutsa mpweya kumodzi. Pa mapumidwe 6 pa mphindi, adzatenga pafupifupi mphindi 17, ndipo ambiri tulo timawapeza asanamalize. Atasokoneza chiwerengero asayambirenso ndi mtima wodandaula, angopitiriza. Sitikunena kuti kutchula Mulungu kwasanduka piritsi. Cholinga chake chikhale chomwe chija, kumukumbukira Iye. Koma palibe cholakwa kuti thupi nalonso lipezepo gawo lake.

Kupanga wudhu musanagone ndi Sunnah, ndipo m'miyezi yozizira madzi ake akhale ofunda. Manja ndi mapazi zikafunda, thupi limataya kutentha kwa m'kati mosavuta, ndipo kutsika kwa kutentha kumeneku ndi chimodzi mwa zimene zimaitana tulo. Wa shuga amene mapazi ake anachita dzanzi asayese madzi ndi phazi, akhoza kupsa osamva. Wina ayese ndi chigongono, ndipo apukute bwino pakati pa zala. Kugonera kumanja ndi Sunnah, ndipo odwala mtima ambiri amapezako bwino mbali imeneyi. Koma wa chilungulira amapeza bwino akagonera kumanzere, ndipo wofa ziwalo ayenera kutembenuzidwa pafupipafupi kuti asachite zilonda. Ameneyu ayambire kumanja ngati angathe, kenaka agone mmene thupi likulolera. Mtumiki (SAW) analoleza Imran bin Husain (RA), amene ankadwala, kuswali chokhala kapena chogona cham'mbali. Ngati pa Swala pali chilolezo chotere, kuli bwanji pa kagonedwe?

Kusisita mapazi, msana ndi mapewa ndi mafuta pang'ono kwa mphindi 10 kumathandizanso, ndipo kumamuuza wodwala kuti sananyansidwe naye. Mwendo umene watupa mbali imodzi, wotentha ndi wopweteka, musausisite. Umenewo ndi wa ku chipatala.

Tsopano tinene za masana, pakuti tulo ta usiku timakonzedwa dzuwa likadalipo. Wodwala amene amabindikira m'chipinda cha mdima tsiku lonse, akusinzasinza, thupi lake silidziwanso kusiyanitsa usiku ndi usana. Mutulutseni m'mawa aothere dzuwa pakhonde, ndipo ngati angathe ayende pang'ono pabwalo. Adzuke nthawi yofanana tsiku lirilonse, ngakhale usikuwo sanagone bwino. Adhana ya Subuhi ndi wotchi yabwino. Kagonedwe ka masana kaja ka qailula kakhale kakafupi, mphindi 20 kapena 30 cha m'ma Dhuhr, osati kugona kuyambira Asr mpaka Maghrib. Tiyi wa masamba ali ndi kafeini, chimodzimodzi khofi, Coca-Cola ndi mapiritsi ena a mutu ogulitsidwa m'magolosale. Pakatha maola 5, pafupifupi theka la kafeiniyo limakhala likadali m'magazi. Kapu ya tiyi wakuda bii imene timapatsa agogo pambuyo pa Isha chifukwa chowakonda ndi imene ikuwachezeretsa. Apatseni m'mawa, madzulo amwe madzi ofunda a mandimu kapena kaphala. Fodya, wosuta ngakhale wa m'mphuno, nayenso amathamangitsa tulo, ndipo m'dera lolima fodya ngati la Nsaru ndi Kabudula sasowa pakhomo.

Pali mwambo wathu wina umene tiyenera kuuunikanso. Kuzonda odwala ndi udindo wa Msilamu, ndipo sitikuchepetsa. Koma timaona anthu khumi atadzaza m'chipinda cha wodwala mpaka usiku, akukamba za maliro a uje amene anadwala chimodzimodzi, ndi za mtengo wa chimanga, mafoni akulira. Akachoka iwo amakagona tulo tofa nato, wodwala n'kutsala ndi nkhani za malirozo. Bwerani masana, khalani pang'ono, pangani duwa, nyamukani. Amene akufunadi sawabu auze wodwazika kuti, "Achemwali, lero kagoneni kwathu, ine ndichezera ndi mayiwa."

Abale ochokera ku nyanja amadabwa ndi chisanu cha ku Lilongwe m'miyezi ya June ndi July, pakuti dera limeneli ndi lokwera kuposa kwathu. Chiyeso chimakhala cholowetsa mbaula m'chipinda ndi kutseka mazenera. Makala oyaka amatulutsa mpweya wa poizoni wosaoneka ndi wosanunkha, umene umagonetsa munthu osadzukanso, ndipo wodwala mtima kapena chifuwa ndiye amayamba kugonja. Onjezani bulangeti, muvekeni sokosi ndi chipewa, mbaula itsale panja. Neti ya udzudzu ikhale yokungidwa nyengo zonse.

Nanga munthu akagona, napuma, nachita tasbihi, koma tulo osabwera? Katswiri wina wa ku America, Richard Bootzin, anaphunzitsa mu 1972 kuti munthu asamagubuduke pabedi nthawi yaitali ali maso, chifukwa thupi limayamba kuzolowera kuti pabedi ndi malo a nkhawa. Pakapita nthawi ngati mphindi 20, adzuke, akhale pa mkeka kapena pampando m'kuwala kochepa, achite kanthu kofatsa, abwerere pogona tulo tikayamba kumugwira. Kwa amene sangathe kudzuka, kungomukhazika tsonga ndi kumutsamiritsa kukhoma kwakwana. Foni ikhale kutali, ndipo asamayang'ane nthawi. Amene mutu wake umadzaza ndi mavuto a pakhomo awakambe ndi wina madzulo kusanade, kapena awalembe m'kope pamodzi ndi chimene adzachite mawa, kuti asapite nawo ku mphasa.

Za mapiritsi ogonetsa maganizo athu ndi awa. Valium ndi Piriton zogula pamsika zimagwetsa munthu m'tulo masiku oyamba, koma thupi limazolowera, ndipo Valium akamwedwa masabata angapo amavuta kusiya. Kwa okalamba amabweretsa kugwa ndi kusokonezeka mutu, ndipo kwa wodwala chifuwa kapena amene akumwa morphine akhoza kufooketsa kupuma. N'chifukwa chake mu 2016 bungwe la madokotala la American College of Physicians linalangiza kuti chithandizo choyamba cha kusowa tulo kwa nthawi yaitali chikhale kusintha zizolowezi ndi maganizo a munthu pa za tulo, mapiritsi abwere pambuyo ngati dokotala waona kuti n'kofunika. Koma tisakunamizeni kuti njira tafotokozazi zimagwira usiku woyamba. Zimafuna kuchita tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri kapena anayi, ndipo ndi bwino kuyamba kuziphunzira masana pamene mtima uli m'malo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sizichiza shuga kapena khansa; zimafupikitsa nthawi yodikira tulo ndi kuchepetsa mantha a usiku.

Pali kusowa tulo kwina kumene kumachokera ku matenda a maganizo. Wodwala amene amadzuka pakati pa usiku tsiku lirilonse osagonanso, wasiya kudya, sakondwa ndi zidzukulu, amangolira kapena kunena kuti kuli bwino angofa, musamudzudzule kuti Imani yake yachepa. Amenewa ndi matenda odziwika, amagwira kwambiri anthu odwala nthawi yaitali, ndipo ali ndi chithandizo ku chipatala. Musamusiye yekha, ndipo mankhwala a mbewu ndi a tizilombo achotsedwe m'nyumbamo.

Popita ku sikelo ya BP, ya shuga kapena kukatenga ma ARV, nyamulani kapepala pamodzi ndi buku la ku chipatala. Kwa masabata awiri lembanipo nthawi imene wodwala anagona, kangati anadzuka ndi chimene chinamudzutsa, kaya ndi mkodzo, ululu, chifuwa, maloto kapena maganizo, ndiponso nthawi imene amamwa mtundu uliwonse wa mankhwala, kuphatikizapo ogula okha ndi azitsamba. Pamzere pamakhala anthu ambiri ndipo adokotala amakhala ndi mphindi zochepa; kapepala kotere kamawasonyeza msanga ngati pakufunika kusuntha piritsi la madzulo kupita m'mawa kapena kuwonjezera mankhwala a ululu a pogona.

M'kope lotsatira, Insha Allah, tidzakamba za odwala shuga ndi BP m'mwezi wa Ramadhan: amene angamange, amene Sharia yawapatsa chilolezo, ndi kamwedwe ka mankhwala pakati pa futari ndi daku.